Chinsalu Chofiira cha Bambo Sakala

Loweruka likudzali tikavundukula mwala pamanda a apongozi anga, bambo Gideoni Sakala, pakuti papita chaka chiwaikire. Alamu anga aakazi a Mwape, mwana wawo woyamba, ndiwo akukonza zonse, ndipo oti akalankhule asankhidwa kale. Ine sindili m'gulu limenelo, ndipo sindikudandaula, chifukwa pagulu mawu amandithawa. Koma ndinakhala nawo nyumba imodzi ku Kabwata zaka zinayi zomaliza za moyo wawo, ndipo pali chimene ndinawalakwira chimene sichikanenedwa kumandako. Ndaganiza kuti ndichilembe.

Anali wojambula. Ndikatero anthu amaganiza za zithunzi za njovu ndi za amayi osenza mitsuko zimene amagula alendo. Iwo sankajambula zimenezo. Pa zinsalu zawo panalibe munthu, nyama kapena mtengo. Panali mitundu yokha: apa chofiira, apo chotuwa, kamzere kachikasu kakudutsa pakati ngati kasochera. Tsiku loyamba kuziona ndinayesa nsalu zopukutira maburashi, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti sindinanene.

Ndinabwera ku Lusaka kuchokera ku Chadiza nditakwatiwa ndi Yotamu, mwana wawo wotsiriza. Kwathu anandilangiza bwino za apongozi aamuna: osawayang'ana kumaso, osalowa m'chipinda chawo, osawapatsira chinthu m'manja, ndipo akafunsa uyankhe mwachidule uli chogwada. Iwonso anali a ku Katete, mwambo ankaudziwa, ndipo ankandiitana kuti apongozi, osatchula dzina langa. Choncho ntchito yawo ndinkaionera pakhomo. M'mawa uliwonse ndinkapita ndi tiyi ku kachipinda ka mabuloko kamene anamanga kuseri kwa nyumba, kugwada pakhomo, kuika kapu pampando, ndi kukhala pang'ono ngati ndikudikira kuti anditume. Zoona zake ndinkaonerera.

Ankayamba dzuwa likangolowa pawindo, kulekeza cha m'ma teni. Likakwera ankati kuwala kwayamba kunama. Yotamu atawaikira babu m'chipindamo, analichotsa tsiku lomwelo n'kumubwezera m'manja. Penti ankasakanizira pa galasi la windo lakale ndi kampeni kobuntha. Wakuda wa m'sitolo sankamufuna. Ankati ndi wakufa, ndipo ankapanga wawo posakaniza wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, kuti munthu akayang'anitsitsa aone kuti mkati mwa mdimawo muli zinthu.

Nthawi yambiri sankapenta ayi. Ankakhala pa chitini chachikulu chakale, manja pamaondo, kuyang'ana. Kenako ankadzuka, kutembenuza chinsalu kuti kumwamba kukhale kunsi, n'kubwerera kukakhala. Ankanena kuti chinsalu chili ngati katundu wa pamutu, ukalemetsa mbali imodzi khosi limadziwa maso asanaone, ndipo chatha pokhapokha chikakhazikika mbali zonse zinayi. Nthawi zina ankatseka kachigawo kena ndi chikhatho, diso limodzi atatsinzina. Akaona kuti chinsalu sichikusowa chimene chabisikacho, ankachifafaniza, ngakhale chikongole chotani. Ndinaonapo akufafaniza kabuluu kamene ndinali nditakakonda sabata yonse, ndipo mumtima ndinawakwiyira.

Chimene ankabwereza kwambiri chinali chakuti mtundu sudziwika uli wokha, umadziwika ndi mnzake amene wakhala naye pafupi. Tsiku lina anapaka kotuwa pakati pa chikasu, n'kupakanso komweko pakati pa buluu, n'kufunsa Yotamu kuti ndi mitundu ingati. Yotamu anati iwiri. Anamuonetsa kuti burashi ndi imodzi, penti ndi mmodzi, koma Yotamu anaumirira, ndipo anakangana mpaka tiyi kuzizira.

Maso amenewa anawanolera kufakitale ya penti ku Heavy Industrial, kumene anagwira ntchito yosakaniza mitundu zaka zambiri makina asanabwere. Munthu ankabwera ndi kachidutswa ka khoma kapena ka chitseko, iwo n'kumupangira wofanana ndendende ndi maso okha. Koma ankati mphunzitsi wawo woyamba anali amayi awo, amene pozira khoma ankaika dothi lakuda m'munsi, lofiira pakati, loyera pamwamba, osajambula kanthu, koma nyumba yawo n'kumaoneka yokhazikika kuposa zonse. Izi zinandikhudza, chifukwa nanenso ndinazirapo makoma kwathu. Mpaka ukalamba wawo ankakwera minibasi kupita ku Lilayi kukatapa dothi lofiira m'kathumba, kudzalisefa ndi kulisakaniza ndi mafuta.

Sanali munthu wofewa. Mkulu wina wa ku Kabulonga anabwera ndi pilo wa pasofa pake kuti amupangire chinsalu chogwirizana naye. Iwo anamuyang'ana pilo uja bwinobwino, n'kumulangiza mkuluyo kuti akangomukhomera pakhoma. Ngakhale kuchipatala, kutatsala masiku atatu kuti amwalire, mawu akutuluka movutikira, anakokera Yotamu pafupi. Tinayesa akufuna kusiya mawu. Iwo anamuuza kuti amene anasankha chobiriwira cha pakhoma la wodiyo sanadwalepo.

Koma mkangano wosatha unali ndi a Mwape. A Mwape amakhala ku Woodlands, amagwira ntchito mu ofesi, ndi munthu wopemphera kwambiri, ndipo atate awo ankawakonda, izi ndisabise. Zinsalu zokha ndizo zinkawasowetsa mtendere.

"Dadi, manje ichi nichani? Niuzeni chabe, nichani?"

"Ukuona chiyani iwe?"

"Niona monga minibasi yachita ngozi."

"Ndiye ndi ngozi. Kaitane apolisi."

Ankaseka onse awiri, koma kuseka kosafika m'mimba.

Panali chinsalu chimodzi chachikulu kuposa chitseko, chimene chinkatsamira khoma lakumapeto, chitakwera pa mabuloko awiri. Anachiyamba atamwalira akazi awo, ine ndisanabwere. Chinali chofiira chokhachokha, koma zofiira zake zambirimbiri: cha dothi la ku Lilayi, cha njerwa yopsa, cha chitenje chosuluka, ndi china chozama chimene ndilibe dzina lake. M'munsi munali chakuda chawo chija. Sanauzepo munthu kuti ndi cha akazi awo, koma tsiku la imfa yawo likafika pachaka ankatseka chitseko n'kukhala nacho mmawa wonse, ndipo tonse tinkadziwa. Chinali chitatenga zaka zisanu ndi ziwiri chisanathe. Ankadandaula kuti chikulemera, chilibe poti maso apumire.

Tsopano ndifike pa chimene ndinachita. Mimba yanga yoyamba inapita padera. Nditatenganso pakati, a Mwape anayamba kubwera pafupipafupi, atanyamula zipatso ndi madiresi otakasuka. Lolemba lina masana anandipeza ndikuchapa kuseri, apongozi atapita kutauni. Chitseko cha kachipinda chinali chotsegula, chinsalu chofiira chikuonekera.

"Iwe Zelipa, uniuze zoona. Chija chinthu sichikuyofya?"

Ndinayang'ana m'beseni.

"Osayopa, ndine mulamu wako. Tsiku na tsiku ugwada pamenso pake na mimba. Magazi yekayeka paja. Sulota voipa?"

Zoipa ndinkalota, inde, monga amalotera mkazi aliyense amene anatayapo mwana. Koma chinsalucho sichinandiopsepo. Ndicho chinkandichedwetsa pakhomo m'mawa uliwonse. Komabe a Mwape ndi aakulu, anali atandichitira zabwino zambiri, ndipo nkhope yawo inkadikira yankho limodzi lokha. Ine ndinakula ndikudziwa kuti wamkulu akakufunsa motero umamupatsa chimene akufuna.

"Eya," ndinatero. "Nthawi zina."

"Ninaziba ine!" anatero, akuwomba m'manja kamodzi. "Osadandaula mulamu, tizachikonza."

Mawu angawo anayenda msanga, ndipo anakula m'njira. Pofika Lachitatu anali atafika kwa abusa a a Mwape ndi kwa azakhali a ku Chelstone. Ndinamva kuti ndimakuwa kutulo, ndinamvanso kuti ndinaona nkhope m'chinsalumo. Anagwirizana kuti Loweruka cha m'ma leveni abwera ndi amayi a mapemphero, chinsalu chitulutsidwe, chitenthedwe kuseri. Yotamu anandifunsa ngati zinali zoona. Ndikanamuuza iye, koma ndinaona mantha ake pa mwanayo, ndipo ndinangoti zili kwa akuluakulu.

Lachinayi a Mwape anabwera ataweruka kuntchito kudzawauza atate awo. Ine ndinali kukhitchini, ndipo m'nyumba za ku Kabwata khoma silibisa mawu.

"Chinsalu changa sichituluka muno ine ndili moyo."

"Dadi, mufuna titaye futi kamwana kenangu? Ba Mami banayenda, basiyeni bapumule. Ali moyo ni uyu."

"Usawatchule amayi ako pa nkhani imeneyi."

"Mufunseni mweka! Zelipa, bwela kuno!"

Ndinapukuta manja, ndinapita, ndinagwada pakhomo la pabalaza. Yotamu anali ataima pafupi ndi firiji akuyang'ana pansi.

"Apongozi," anatero bambo Sakala, mawu atatsika. "Musaope munthu muno. Kodi chinsalu chija chimakusautsani?"

Kunena kuti ayi kunali kunena kuti a Mwape anama pamaso pa atate awo, kapena kuti wonama ndine. Ndinayang'ana simenti. Panali kamng'alu kakang'ono pafupi ndi bondo langa, ndipo ndinakatsatira ndi maso mpaka pamene kanathera. Kwathu mpongozi akakhala chete ndiye kuti wavomera, ndipo iwo ankadziwa zimenezo.

"Chabwino," anatero. "Mwamveka. Pitani mukapume."

Lachisanu sanalowe m'kachipinda. Tiyi ndinamubweza osamwedwa. Masana anavala jekete n'kutuluka osanena kumene akupita, ndipo anabwera ndi chitini m'dzanja limodzi, pulasitiki m'dzanja lina. Ndinawalandira pageti, koma anakana kuti ndiwanyamulire.

Loweruka m'mawa ndikupita ndi tiyi ndinamva phokoso limene silinamvekepo m'chipindamo, phokoso lonyata la rola, ija yopentera makoma. Nditafika pakhomo ndinawaona ataima pa chitini chawo chokhalira, akupaka penti woyera pa chinsalu chofiira. Ankayenda kuchokera pamwamba kutsika pansi, mzere ndi mzere, mosathamanga, ngati munthu wopenta khoma la sitolo. Kumanja konse kunali kutayera, pakati pomwe. Chofiira chinatsala kumanzere kokha, chamulifupi ngati mkono wanga.

Sindikumbukira kumene ndinaika kapu. Ndikukumbukira kuti ndinalowa, ndili chiimire, n'kuwagwira dzanja limene linali ndi rola.

"Atate, lekani! Ndinanama!"

Anayang'ana dzanja langa pa mkono wawo. Nanenso ndinaliona, ndinadziwa chimene ndachita, koma sindinalichotse.

"Sichinandiopsepo. Ndinangovomera chifukwa anandifunsa."

"Munangovomera."

"Inde."

"Zaka zisanu ndi ziwiri, inu munangovomera."

Penti ankadontha kuchokera pa rola kugwera pa nsapato yawo. Anatsika pachitini pang'onopang'ono, n'kuika rola pansi. Ndinkadikira kuti akalipe, ndipo ndinkafuna kuti akalipe.

"Tulukani, apongozi," anatero. "Fungo la muno si labwino kwa munthu wapakati."

Cha m'ma leveni a Mwape anafika ndi amayi anayi. Anaima pakhomo la kachipinda n'kuona choyera chija, chofiira chitatsala m'mbali. Bambo Sakala anali atakhala pachitini. A Mwape anati ntchito siinathe, chotsalacho chikhoza kuvutabe, ndi bwino chingotulutsidwa monga anapanganirana. Amayi awiri anayamba kuvula nsapato kuti alowe. Apo ndinagwada pa simenti yonyowa pafupi ndi mpopi, ndipo ndinanena pamaso pa onse zimene ndinanena m'mawa.

"So manje ndine wofuntha ine?" anatero a Mwape. "Nayenda Lusaka yonse chifukwa cha iwe, elo ukamba ati unanama?"

Mmodzi wa amayi aja, wachikulire, anasuzumira m'chipindamo nthawi yaitali, n'kuvalanso nsapato.

"Ni penti chabe iyi," anatero. "Tiyeni timupemphelele mwana uyu, ndiye vamene tabwelela."

Anandipempherera pomwepo, manja awo pamutu panga, ndipo anapemphera ndi mtima wonse. Bambo Sakala anatuluka, anavula chipewa, ndipo pomaliza anati ameni. Moto sunayatsidwe. A Mwape sanandilankhule mpaka mwana atabadwa.

Za tsiku limenelo apongozi sanazitchulenso. Masabata angapo ankalandira tiyi osanena kanthu. Ndinatuma Yotamu kuti akandipepesere, ndipo yankho limene anabwera nalo linali lakuti ndizichepetsa shuga. Chinsalucho sanachichotse pamalo pake. Ankakhala n'kumachiyang'ana monga kale. Tsiku lina anachigoneka cham'mbali kuti chofiira chikhale m'munsi, choyera pamwamba, ndipo anachisiya choncho. Sanawonjezerepo kanthu, sanalembepo dzina. Ngati ankachiona chowonongeka kapena chomalizidwa, sanandiuze, ndipo ine ndinalibe nkhope yofunsira.

Chimodzi chokha chinasintha. Mwana atabadwa, wamkazi wathanzi, anayamba kundifunsa ndikafika pakhomo. Ankaloza chinsalu chatsopano ndi kampeni n'kunena kuti, "Apongozi, apa palemera kuti?" Poyamba ndinkayankha kuti zonse zili bwino. Iwo ankagogoda galasi ndi kampeni kaja.

"Musavomere. Yang'anani."

Ndinkayang'ana mpaka thukuta. Tsiku limene ndinati kumanja kwachuluka chikasu, anati ndalakwa, chikasu chili bwino, chavuta ndi chotuwa choyandikana nacho. Koma mawa lake anandifunsanso.

Maliro atatha, zinsalu zinagawidwa. A Mwape anatenga zitatu, ndipo zili pabalaza pawo ku Woodlands. Zina zinapita ku Chelstone, zina kwa anzawo akale a kufakitale. Chachikulucho palibe anachifuna. Onse ankati chinawonongeka.

Nyengo yozizira itafika, posesa m'kachipindamo ndinayamba kupeza tizidutswa toyera pansi, ngati zigoba za mazira. Ndinayesa tikuchokera kudenga. Kenako ndinaona kuti choyera cha pachinsalu chikuchita ming'alu, ndipo pena chatukuka. Yotamu anaitana bambo Mulenga, oyandikana nafe, amene amapenta nyumba za anthu. Anakanda pang'ono ndi chikhadabo, kachidutswa n'kugwa, pansi pake n'kuonekera chofiira chowala ngati chapakidwa dzulo.

"Uyu ni penti wa manzi, wa pachipupa," anatero. "Pansi apa ni wa mafuta. Sivigwilana ivi, olo mwana wa sukulu aziba. Ba Sakala banasebenza ku penti zaka zingati? Banaziba bwino vamene benze kuchita." Anapukuta chala pa ovolosi. "Mukafuna ningachose yonse lelo, manzi yofunda na kansalu chabe. Nichose?"

Yotamu anayang'ana ine. Bambo Mulenga anali atayamba kale kupinda manja a malaya, ndipo ndi munthu wamkulu, wobwera kudzatithandiza.

"Ayi," ndinatero. "Chisiyeni."

Sindikudziwa ngati anagula penti ameneyo kuti abise chinsalu kwa kanthawi, kapena ngati pambuyo pake anachikonda choyeracho n'kuchisiya dala. Akanafuna akanachitsuka okha tsiku lililonse, ndipo sanatero. Si kwa ine kuwamalizira.

Kachipindako tsopano ndi kopanda kanthu, kupatula chinsalu chachikulucho. Pamakoma patsala misomali, ndi malo owala pamene zinsalu zinkatsamira. Pansi pali madontho a mitundu yonse amene polishi wakanika kuwakwirira, ndipo pafupi ndi khoma lakumapeto pali banga la penti woyera lokhala ndi chidindo cha nsapato yawo. Fungo linatha mvula itayamba. Kangaude wamanga pakona ya windo. Chinsalu chili pamalo pake, choyera chikugwa chokha, sabata ina kachidutswa kamodzi, sabata ina osagwa kanthu. Chakumanja kumwamba patseguka malo aakulu ngati chikhatho. M'mawa ndimalowa ndi tsache, ndimasesa zimene zagwa, ndipo chinsalucho sindichikhudza.